Mitu ya Anthu Itasanduka Msika

Ana anga, za ubwana wanga ku Dedza sindilemba pano. Munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo anathirapo ndi mchere wawo. Ndiyambira pomwe ntchito inayambira. Zaka zonse zimene ndinavala diresi yoyera ya unamwino m'mphepete mwa nyanja muno ndinabereketsa amayi ochuluka, ndinasoka mabala, ndinaika madiripi mpaka zala kuuma. Zonsezo ndimazikumbukira mtima uli m'malo. Imene imanditenthetsa mtima mpaka lero ndi nkhani ya anthu omenyetsa mutu, ndi ya anthu ena amene anatulukira kuti pamutu wa munthu wovulala pali phindu.

Usisya, zaka zanga zoyamba

Nditamaliza sukulu ya unamwino anandiuza kuti ndikukayambira ku Usisya. Ndinafunsa kalaliki kuti basi ya kumeneko imakwereredwa pati, iye anangoseka. Ndinapita pa sitima, sutikesi kumanja, mbaula ya makala kumanzere, ndikusanza njira yonse. Chitonga sindinkadziwa ngakhale liwu limodzi. Anthu akati, "Mwe uli, ama?" ndinkangomwetulira ngati wogontha. Atamva kuti ndine wa kwa Phiri anayamba kunditchula NyaPhiri, ndipo ndi dzina limene ndakalamba nalo.

Woyang'anira kachipatala kathu anali a Mhone, bambo wamfupi waimvi amene dera lonse linkawatchula dokotala. Anali munthu wovuta. Mankhwala ankatha mwezi uli pakati, magolovesi tinkachapa n'kuyanika pa chingwe ngati masokosi, thonje tinkachita kubenthula pang'onopang'ono, koma a Mhone sankalola kuti kusowako kukhale pobisalira ulesi. Sabata yanga yachitatu anabwera msodzi wina, mnzake atamumenya mwangozi ndi nkhafi pamphumi pokocheza bwato. Anabwera akuyenda yekha, akuseka. Ndinasoka balalo, ndinamupatsa panado, ndinamuuza kuti azipita. A Mhone anakumana naye pakhomo, anamugwira mkono n'kumubweza.

"Sisitala, munthu uyu mwamufunsa kuti lero ndi lachingati?"

"Ayi, dokotala. Bala ndasoka, magazi asiya."

"Mwasoka chikopa. Nanga zili mkati mwa chigazamo mwazisokanso?"

Anamufunsa m'Chitonga. Msodziyo anati ndi Lamulungu, pomwe linali Lachinayi. Patapita kanthawi anafunsa kuti wamubweretsa ndani, tinamuuza. Sipanatenge nthawi anafunsanso zomwezo. Tsiku limenelo a Mhone anandikhazika pa benchi n'kundiphunzitsa zimene sukulu inangodutsapo mothamanga. Anati ubongo ndi chinthu chofewa chokhala m'chigoba cholimba, mutu ukamenyetseka umagwedezeka m'menemo. M'mabuku amati konkashoni, ife tinkangoti ubongo wagwedezeka. Anati ambiri amachira okha, bola apume: asamwe mowa, asapite panyanja, asakhale padzuwa, asanyamule zolemera mpaka chizungulire ndi litsipa zitatha. Koma pali ochepa amene mtsempha umaphulika mkati, magazi n'kumadzaza pang'onopang'ono munthu akulankhula bwinobwino. Amenewo umawadziwa ukakhala nawo pafupi. Amasanza mobwereza, mutu umanka nukula kupweteka, amayamba kusinza, dzanja limodzi limafooka, ndipo ukawalitsa tochi m'maso kamwana ka diso limodzi kamakhala kakakulu kuposa kanzake. "Mankhwala ochiza ubongo wogwedezeka kulibe," anatero. "Akadzakuuzani kuti alipo, mudzamuyang'ane m'thumba."

Msodzi uja tinamusunga masiku awiri, ndipo patatha masabata awiri anabwerera panyanja. Koma chaka chotsatira, nthawi ya mvula, anabwera nawo bambo wina amene anagwa padenga akukonza malata. Zizindikiro zonse zoipa zinaonekera pamaso pathu, chimodzi pambuyo pa chinzake. Msewu wokwera phiri unali utagumuka, nyanja itakwiya moti palibe mwini boti analola kulowa. Tinadziwa matenda, tinadziwa kumene akanathandizidwa, tinasowa pomudutsitsira. Anamwalira tsiku lachiwiri dzuwa lili paliwombo. A Mhone anasamba m'manja nthawi yaitali, kenako anati, "Uyu akanafika kwa odziwa kuboola chigaza, bwenzi akudzakolola chinangwa chake." Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti chimene chimapha anthu athu nthawi zambiri si kusadziwa kwathu ayi. Ndi mtunda.

Mumsewu wa tala, zaka za njinga zamoto

Ku Usisya ndi kumene ndinakumana ndi bambo anu, akuphunzitsa pa pulayimale. Iwo atasamutsidwa, nane anandisamutsira ku chipatala china cha m'mbali mwa msewu wa tala, chakufupi ndi Mpamba, ndipo pambuyo pake cha ku Kande. Kumeneko ndi kumene ndinaona mitu ikuchuluka. Poyamba anali ogwa mu mtengo wa mango ndi osewera mpira ogundana mitu. Kenako kunabwera njinga zamoto za kabaza. Sindikuzinyoza, pakuti zinapulumutsa amayi ambiri apakati amene kale ankanyamulidwa pa machira. Koma anthu ankakwerana atatu, beseni la usipa pamwamba, helemeti palibe, kapena ilipo imodzi yomangirira kutsogolo kuti apolisi aione. Panalibe sabata yodutsa osalandira munthu wotupa mutu. Mabwana anga ankasinthasintha, ena abwino, ena ongodikira tsiku lobwerera ku tawuni. Ambulansi inali imodzi ya zipatala zingapo, ndipo nthawi zina inkakhala ilipo koma mafuta mulibe.

Zaka zomwezo m'pamene ndinaona kuti mutu ndi mutu sizifanana mtengo. Pa loji ina ya m'mphepete mwa nyanja mlendo wochokera kunja anaterereka pamwala n'kumenyetsa nkhongo. Anandiitana ndi galimoto. Ndinamuyeza, anali bwino ndithu, chizungulire chokha. Komabe a inshuwalansi yake anaimba foni kangapo, tsiku lomwelo anamutenga kukamujambula m'mutu kumzinda. Sindinaipidwe nazo, moyo wake ndi wofunika. Koma mwezi womwewo wophika wa pa loji yomweyo, mwamuna wa ku Mulanje, anagwa pa masitepe atanyamula kireti ya zakumwa, anakomoka. Anabwera kwa ine wapansi, atamangira kansalu kumutu, ndipo pempho lake linali limodzi: "Amayi, musalembe masiku ambiri opuma, angaike wina pamalo panga." Ndinalemba sabata yathunthu. Anabwerera kukhitchini m'mawa mwake.

Nditatsala zaka zochepa kuti ndipume, anatiitana ife anamwino ndi madokotala angapo ku msonkhano wa tsiku limodzi pa loji ina. Anaukonza anali a kampani yogulitsa zipangizo zachipatala, dzina lake ndilisiya. Anatipatsa zolembera, zakumwa ndi nkhuku. Amene ankalankhula anali bambo wa suti yonyezimira, akuonetsa zithunzi pakhoma. Anationetsa kachipangizo koyendetsa pamutu kamene kamasonyeza ngati mkati muli magazi, kena koyezera dontho la magazi n'kudziwa ngati ubongo wavulala, ndi magalasi otsata kayendedwe ka maso. Ndinamvetsera ndi mtima wonse, pakuti zina mwa zimenezo ndi zenizeni, ndipo ndinkaganiza za bambo wa padenga uja. Koma atamaliza zipangizo anaonetsa chithunzi cha mzere wokwera ngati phiri, nkhope yake inawala. Anati padziko lonse msika wa zoyezera ndi zochizira ubongo wogwedezeka ukukula chaka ndi chaka, chifukwa cha masewera, ngozi zapamsewu ndi kukalamba kwa anthu, ndipo kuno kwathu njinga zamoto zatsegula mwayi waukulu.

Liwu loti mwayi linandilasa. Ndinakweza dzanja.

"Bambo, mwati mwayi. Mwayi wa yani?"

"Wa tonse, Sisitala. Msika ukakula zipangizo zimatsika mtengo."

"Nanga kachipangizo kanu kakanena kuti mkati muli magazi, munthu ali ku Ruarwe kopanda msewu, nyanja yakwiya, kamamunyamulanso?"

Anthu anaseka. Iye anamwetulira n'kunena kuti zamayendedwe si mbali yawo. Ndinafunsanso kuti ndi zipatala ziti zimene akuyamba nazo. Anayankha mosabisa kuti ayamba ndi zolipiritsa za m'mizinda, maloji ndi matimu akuluakulu a mpira, popeza ndi kumene kuli ogula. Pobwerera, bwana wanga wa nthawi imeneyo anandidzudzula mu minibasi kuti ndachititsa manyazi alendo. Ndinamuyankha kuti ine manyazi ndinawamva pamene wovulala wanga anasanduka mzere wokwera pakhoma. Zipangizo zija sindinazionenso. Zimene zinafika kwathu kuno zinali zina.

Chintheche, nditapuma ntchito ya boma

Bambo anu anamwalira chaka chimene ndinapuma. Nyumba ya boma ndinayenera kutulukamo, penshoni inkachedwa, ndipo iwe Madalitso, chitsirizira changa, unali usanamalize koleji. Amene anandigwira dzanja anali a Kamanga, mkulu wa mpingo wathu, amene anakhala zaka zambiri ku Joni n'kubwerako ndi chuma. Pa maliro a bambo anu galimoto yawo ndi imene inanyamula bokosi mpaka ku Dedza. Anatsegula kachipatala kolipiritsa kunja kwa Chintheche, anandilemba ntchito n'kundipatsa nyumba ya kuseri kwake. Iwo sanaphunzire zachipatala, choncho satifiketi yanga anaiika m'felemu n'kuipachika pakhoma, pamene aliyense wolowa ankayamba kuiona. Chaka choyamba tinagwira bwino. Malungo, shuga, kuthamanga kwa magazi, mabala. Ndinkagona tulo tabwino.

Chaka chachiwiri anapita ku Joni n'kubwerako ndi kabokosi kasiliva kolumikiza ku laputopu, kokhala ndi kachitsulo kamene wodwala amafumbata kwa mphindi imodzi. Ukalemba dzina ndi zaka za munthu, pulinta inkatulutsa mapepala a mitundumitundu, pena pofiira, pena pobiriwira, ndi chithunzi cha ubongo. Anabweranso ndi makatoni a makapusozi amene ankati amatsuka ndi kudyetsa ubongo. Panja anakhoma chikwangwani choti wogwa pa njinga asavutikenso kupita kutali, sikani yojambula m'mutu yafika. Anthu anayamba kuchokera ku Sanga, ku Bandawe, ku Kande. Makinawo ankawayendetsa a Kamanga okha, ine ndinkangosayina pansi pa pepala.

Sizinanditengere nthawi kuona kuti mapepalawo ankanena zofanana kwa aliyense wa msinkhu umodzi. Tsiku lina masana, a Kamanga atapita ku banki, ndinatenga chinangwa chimene mnansi wanga anali atangovuula m'madzi kuti apange ufa wa kondowole. Ndinachiboola, ndinalowetsamo kachitsulo kaja, ndinalemba dzina loti NyaChinangwa, zaka makumi anayi. Makinawo analira monga mwa masiku onse. Pepala linatuluka. Linati mayiyu magazi sakuyenda bwino mu ubongo wake, amaiwalaiwala, ndipo akufunika makapusozi kwa miyezi itatu.

A Kamanga atabwera ndinatseka chitseko cha ofesi n'kuwaikira pa tebulo pepala ndi chinangwacho.

"Bwana, wodwala wathu wa lero ndi uyu."

Anawerenga, anayang'ana chinangwacho, sanaseke. "Sisitala, mwaononga makina anga ndi madzi."

"Makina sanaonongeke. Sanayambe aonapo kanthu chibwerereni."

"Tamverani, amayi. Munthu akamenyetsa mutu, inu mumamupatsa chiyani? Mumamuuza kuti kagoneni. Amatuluka muno manja ali lende, akuganiza kuti simunamuthandize. Ine ndimamupatsa pepala loti akaonetse mkazi wake, ndi botolo loti agwire. Ambiri mwa iwo amachira okha, inu nomwe mumatero. Ndiye ndalakwira yani?"

"Mwalakwira ochepa amene sachira okha."

"Amenewo inu mulipo, mudzawaona. Dziko lonse likupita kumeneku, amayi. Ndikapanda kugulitsa ine, agulitsa wina."

Apa ndi pamene ndiyenera kulemba chinthu chimene sindinakuuzenipo. Sindinawaulule. Ndinaganiza za nyumba, za fizi, za galimoto imene inanyamula bambo anu, ndipo ndinadziuza kuti ndikakhalapo ndiziteteza odwala kuchokera mkati. Ndinapitiriza kusayina miyezi isanu. Aliyense womenyetsa mutu ndinkamukokera pambali n'kumunong'oneza za kupuma ndi zizindikiro zoopsa, koma kunong'ona kwa nkhalamba sikungapose pepala la mitundu lokhala ndi siginecha ya nkhalamba yomweyo.

Tsiku la NyaLongwe

Panali wakabaza wina dzina lake Yotamu, bambo wa ana atatu. Anagwa pa njinga Lolemba atagunda mbuzi, anakomoka pang'ono. Atabwera kwa ife ndinaona kuti maso ake sakukhazikika, akaimirira akudzandira. Ndinamuuza kuti asakhudze njinga mpaka chizungulire chitatheratu, ngakhale patapita masabata awiri. Iye anati njingayo ndi ya bwana wake, ikaima aipereka kwa wina. Analowa kwa a Kamanga, anafumbata kachitsulo, anagula botolo. Anamuuza kuti akamwa makapusozi masiku awiri ubongo ukhala wabwerera m'malo.

Lachinayi m'mawa anamubweretsa pa lole, fupa la ntchafu litathyoka. Chizungulire chinamugwira pa kona atanyamula munthu. Ndinamumanga mwendo, lole yomweyo inapitirira naye ku chipatala cha boma. Amene Yotamu ananyamula pa njingayo anali NyaLongwe, mayi wogulitsa usipa, wa msinkhu wanga, amene ndinkaimba naye kwaya ya amayi. Iye anatsika lole yekha, anali ndi chotupa chokha pamwamba pa khutu la kumanja. Amuna ake, ada Manda, anafika akuthamanga ndipo anati asapite ku boma, ayambe wajambulidwa pa makina pompano. Pa benchi panali anthu odikira ngati khumi.

A Kamanga anamuyeza. Pepala linati ubongo wagwedezeka pang'ono, makapusozi miyezi itatu. Ada Manda analipira, nkhope yawo inamasuka. Pepalalo linabwera kwa ine kuti ndisayine. Ndinati adikire kaye, ndimuone. Ndinamukhazika pafupi nane. Anandifunsa kuti beseni lake la usipa lili kuti, ndinamuuza kuti ana atenga. Anasanza. Anandifunsanso za beseni. Anasanzanso. Patatha ola limodzi mutu wake unayamba kugwera pachifuwa ngati wosinza mu tchalitchi. Ndinayatsa tochi ya pa foni n'kumuunika m'maso. Kamwana ka diso la kumanja kanali katakula, kosalabadira kuwala. Ndinamuuza kuti andifinye zala ndi manja onse awiri. Lamanzere linangondikhudza.

Ndinaimirira pakati pa chipinda chodikirira, pepala lili m'manja. "Ada Manda, mkazi wanu akutaya magazi mkati mwa mutu. Apite ku boma tsopano lino. Pepala ili sindisayina."

A Kamanga anatuluka mu ofesi. "Sisitala, tikambirane mkati."

"Tikambirana pompano, bwana. Mkati tinakambirana kale."

"Makina anena kuti ndi pang'ono."

"Makina amenewa ananena kuti chinangwa chimaiwalaiwala." Ndinatembenukira kwa anthu a pa benchi n'kuwafotokozera zimene ndinachita tsiku lija. Ndinawauzanso kuti ndakhala ndikudziwa miyezi isanu, ndikusayinabe. Palibe anaseka. Sindinasiye mpaka ndinamaliza.

Ada Manda anayang'ana a Kamanga, mkulu wa mpingo wawo, mwana wa mudzi womwewo. Anayang'ana ine, mlendo wa ku Dedza. "Ama NyaPhiri, ndimvere yani?"

"Musamvere ine, musamvere iwo. Funsani akazi anu dzina la mwana wanu woyamba."

Anagwada patsogolo pake n'kumufunsa m'Chitonga, mofatsa. NyaLongwe anatsegula maso, anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa za beseni.

Ndinapempha a Kamanga makiyi a galimoto. Anati mafuta mulibe. Pa benchi panali dalaivala wa loji ina, bambo wa ku Zomba amene anabwera kudzayezetsa kuthamanga kwa magazi. Anaimirira n'kunena kuti, "Amayi, pikapu ili panjapo, za abwana anga ndikayankha ndekha." Tinamugoneka kumbuyo pa matiresi, mutu wake uli pamiyendo panga. Ku chipatala cha boma sanatichedwetse. Anamuona, anaimba foni, anamukweza ambulansi kupita ku chipatala chachikulu. Kumeneko anamujambula ndi makina enieni, anapeza magazi ataunjikana, anamuboola chigaza tsiku lomwelo. Dokotala amene anamuchita opaleshoni anauza ada Manda kuti akanagona kunyumba sakanadzuka.

NyaLongwe ali moyo. Dzanja lamanzere silinabwererenso mphamvu, ndipo beseni sasenzanso. Amakhala pamsika n'kumayang'anira, ana ake ndi amene amanyamula. Yotamu amayenda motsimphina, njinga anapatsidwa wina. Nthawi zonse ndikakumana naye amandipatsa moni mwaulemu, ndipo ulemu wakewo umandipweteka kuposa akanandinyoza, pakuti pa pepala limene linamubwezera pamsewu panali dzina langa.

Pambuyo pake

Nditabwerako ndinapeza kalata pansi pa chitseko yoti ndituluke m'nyumba mwezi ukamatha. Ndinalowa m'chipatala muja, ndinakwera pa mpando, ndinatsitsa satifiketi yanga pakhoma. A Kamanga anaima pakhomo la ofesi. "Ndinakunyamulirani maliro, amayi," anatero. Ndinawayankha kuti ndikukumbukira, ndipo ndidzakumbukira mpaka imfa, koma sindingawabwezere ndi maliro a munthu wina.

Ndinalemba kalata kwa oyang'anira zachipatala, ndinafotokoza zonse, ndi mbali yanga yomwe. Anabwera, anandifunsa mafunso owawa amene ndinayenera kufunsidwa, anatseka malowo. Koma kabokosi kasiliva kanali katachoka kale. Ku mpingo nkhani inayenda mwina. Kunamveka kuti makina a Kamanga ndi amene anayamba kuona vuto la NyaLongwe, ine ndinangochita nsanje n'kuononga bizinesi ya munthu wondithandiza. Amayi ena a kwaya anasiya kukhala nane benchi imodzi. Ada Manda anaimirira pa msonkhano wa mpingo n'kunena zimene anaona ndi maso awo, ena anamva, ena sanafune kumva. Ndinachita lendi kanyumba ka zipinda ziwiri cha ku Bandawe, ndimo ndikulemberamo izi.

Lero mabokosi otero sali amodzi. Ndawaona pa masiku a msika, pansi pa tenti, laputopu ikuyendera batire ya galimoto. Mafoni adzaza mauthenga a mankhwala odyetsa ubongo, a tiyi wochotsa magazi oundana m'mutu, a magalasi ochiza chizungulire. Bambo wa suti uja sananame, msika unakuladi. Zipangizo zenizeni zinapita kumene kuli ogula, ndipo kwa ife kunabwera zofanizira zake. Helemeti ikadali yomangirira kutsogolo kwa njinga. Wovulala wa ku Ruarwe akadadikirabe nyanja kuti ikhale bata.

Tsopano ndilankhule ndi iwe, Madalitso, abale ako akumva. Miyezi itatu yapitayo unandiimbira foni kuchokera ku Lilongwe uli wokondwa. Unati iwe ndi mnzako mwapeza geni yabwino, makina oyeza thupi lonse ndi ubongo womwe, otchipa, ndipo akabaza a mumzindamo ndi ochuluka moti simungasowe makasitomala. Unati ndalama simukundipempha. Mukungofuna satifiketi yanga kuti ipachikidwe pakhoma, ine ndizingolandira kangachepe mwezi ndi mwezi ndili khale kunyumba. Unati, "Amayi, mwavutika nthawi yaitali, pepala lanu likudyetseni." Ndinakuyankha mwaukali, ndinadula foni, ndipo chiyambire tsiku limenelo sunaimbenso. Kukudulira foni ndinalakwa. Unalibe podziwira, pakuti fizi yako yomaliza inachokera m'miyezi isanu ija, ndipo ine ndinakubisira.

Tsopano wadziwa. Ukafuna kuyamba geni ina iliyonse yoona, ndigulitsa mbuzi zanga zonse ndikuthandize. Koma usanagule kabokosi kameneko, kwera basi ubwere kuno. Ndikutengera pamsika, ukapereke moni kwa NyaLongwe, ndipo ukamupatse dzanja lamanzere. Ukamva m'mene akugwirire, ukandiuze wekha ngati ukuifunabe satifiketiyo.